Manambala Atatu a Rozina

Rozina mwana wanga, ndi inu adzukulu anga, za ubwana wanga sindilemba. Munazimva kokwanira, ndipo ndimakuonani mukuyasamula ndikangoti "ku Mutorashanga". Ingodziwani kuti ndinabadwira pakomboni ya mgodi kumeneko, kumene bambo anga anafika wapansi kuchokera ku Ntcheu. Ndiyambira pa ntchito, chifukwa pali nkhani imodzi imene amayi ako, Rozina, anati ndidzakuuze iwo atapita. Iwo anapita, ndipo inenso maso ayamba kuchita chidima.

Zaka za m'ma 1970: kuchoka m'shedi kupita pabwalo

Ntchito yanga yoyamba inali yosankha fodya m'shedi papulazi lina kufupi ndi Karoi. Diso ndinali nalo, tsamba lililonse ndinkalidziwa mulu wake, koma chifuwa changa sichinagwirizane ndi fumbi la fodya. Ndinkatsokomola mpaka anzanga ankati bwana wandilemba ntchito yoopseza makoswe. Mwini pulazi anali mzungu wamtali, wamawu ngati thirakitala, amene tonse tinkamutchula kuti Mandevu, ndipo dzinalo silifuna kufotokozera. Tsiku lina anaima pakhomo la shedi akumvetsera chifuwa changacho, kenako anati, "Iwe Layisoni, udzandifera muno. Mawa upite kukalabu." Kalabuyo inali malo amene alimi a mapulazi ozungulira ankakumanako Loweruka ndi Lamlungu, kumwa, kudandaula za mvula ndi kusewera tenesi. Ine tenesi ndinali ndisanaionepo. Nditaona anthu akuluakulu atavala zoyera akulimbirana kampira kamodzi, ndinati mumtima, anthu awa mavuto awachepera.

Anandipatsa bwalo la tenesi kuti ndizilisamalira. Silinali la simenti, linali la dothi la pachulu. Tinkagumula chulu, kusinja zibuma zake, kusefa dothilo ngati ufa, kuliwaza pabwalo, kuthirira madzi, kenako kukoka chitsulo cholemera chotchedwa rola uku ndi uku mpaka pansi patasalala ngati pakhonde pozira bwino. Mizere ndinkalemba ndi njereza, nditakunga chingwe kuti isakhote. Poyamba ndinkaona ngati ntchito yamasewera, koma ndinadzaikonda. M'mawa ndikamaliza kulemba mizere, munthu asanapondepo, ndinkaima n'kumangoliyang'ana bwalolo, ndipo wondiona akanati ndi langa.

Ndili kumeneko ndinakwatira amayi ako, a Malita, amene makolo awo anachokera ku Tete. Anali aafupi, osalankhula zambiri, koma akanena chinthu chinkakhala chomwecho. Sukulu sanapiteko, chilembo ngakhale chimodzi sankachidziwa, koma pa kuwerengetsa nkhuku ndi ana palibe akanawanamiza. Mwana wathu woyamba anali Tomasi, ndipo kuyambira pamenepo komboni yonse inkatitchula kuti Baba Tomasi ndi Mai Tomasi, monga amachitira kuno. Pambuyo pake tinaika ana awiri m'manda ali makanda. Iwe unabwera mochedwa, ife titasiya kale kuyembekeza.

1992: chaka cha chilala

Damu la kalabu linaphwa mpaka matope anauma gwa. Mandevu analetsa kuthirira bwalo, ndipo sindinatsutse, pakuti ng'ombe zinali kugwa kubusa. Bwalo linayamba kung'ambika ngati chidendene cha munthu woyenda wopanda nsapato. Mkazi wa Mandevu, amene tinkangomutchula kuti Medemu, ndiye anabwera ndi nzeru yakuti madzi otsukira mbale kukhitchini ya kalabu asamatayidwe. Ndinkawatunga m'zigubu n'kukawaza pamene pang'ambika kwambiri. Bwalo linkanunkha sopo ndi mafuta a nyama, agalu a kukomboni ankabwera kudzalinyambita, koma silinafe.

Chaka chomwecho ntchito papulazi inachepa, ndipo Tomasi, amene anali atayamba kumeta ndevu, anati akukayesa mwayi ku Joni. Anakwera lole pamsewu waukulu wochokera ku Chirundu. Amayi ake anamukazingira mtedza, ine ndinamupatsa jekete langa la kutchalitchi. Uthenga unabwera kamodzi kudzera mwa dalaivala wina, woti wafika bwino. Wachiwiri sunabwere mpaka lero. Sitinalire maliro chifukwa mtembo panalibe, ndipo kudikira sitinasiye chifukwa palibe anatiuza kuti tisiye. Chopweteka chinali chakuti aliyense wotipatsa moni ankatchula dzina lake. "Maswera, Mai Tomasi?" Amayi ako ankayankha bwinobwino, koma ine ndinkaona mapewa awo akugwa pang'ono. Lole ikaima pamphambano, ankasiya chimene agwira n'kuimirira, dzanja lili pamphumi.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990: mfuti ya liwiro

Mandevu anabwera kuchokera kuulendo ndi bokosi, akumwetulira ngati mwana amene amugulira nsapato. M'bokosimo munali chinthu chooneka ngati mfuti yonenepa, yaifupi, yonga ija apolisi amalozera magalimoto pamsewu, ndi bolodi lakuda limene linkayatsa manambala ofiira. Zonse zinkalumikizidwa ndi mawaya ku batire la thirakitala. Anandifotokozera kuti mfutiyo imatumiza mafunde osaoneka, amakagunda mpira n'kubwerera, ndipo makinawo amanena kuti mpirawo ukanakhala galimoto ukanayenda makilomita angati pa ola. Ine ndinafunsa ngati mpira ukapitirira liwiro tiziulipiritsa. Anaseka mpaka kutsamwa, kenako anati mfutiyo ndizigwira ine.

Ntchito yake inali yophweka. Mu tenesi, woyambitsa masewera amaponya mpira m'mwamba n'kuumenya ndi mphamvu kuti uwoloke ukonde, kumene amati kuseva. Ine ndinkaima kumbuyo kwa wolandira mpirawo, pafupi ndi mpanda, moyang'anizana ndi woseva, kuti mpira uzibwera molunjika kwa ine. Akamenya, ndinkakoka kachitsulo, manambala n'kuyaka pabolodi pambali pa bwalo, anthu n'kuwomba m'manja kapena kuseka. Kuti ndisamasochere malo, ndinakhomera pansi bawuti yakale ya pulawo, ndipo ndinkaiponda ndi chidendene. Kalabu inasintha. Amuna okhala ndi zidzukulu ankathyola mapewa kufuna kuposana, ndipo m'bala nkhani ya mvula inatha, inatsala ya manambala.

Vuto la malo angawo linali dzuwa. Panalibe pobisala. Koma pakona ya mpanda, cham'mbali ndithu, panali mkuyu wa mthunzi wabwino. Tsiku lina lotentha ndinasendera pamenepo, ndikuganiza kuti mfuti ndi mfuti, ikhoza kuloza kuchokera kulikonse. Mandevu anaseva, manambala anatsika. Anasevanso ndi mphamvu zake zonse, anatsikabe. Anafiira nkhope, anaunguza raketi yake, ndodo yomenyera mpira ija, anaunguza mkono wake, kenako anakakhala pansi n'kunena kuti wakalamba. Medemu ndiye anazindikira. Anabwera pamkuyu paja akudzigwira pakamwa, n'kundiuza chapansipansi kuti mfuti ikaona mpira cham'mbali imachotsera liwiro, imafuna mpira wobwera molunjika. Ndinapepesa, koma iye anati, "Usamuuze lero. Tipumeko." Kuyambira tsikulo, Mandevu akayamba kudzitama kwambiri, Medemu ankakuwa kuti, "Layisoni, dzuwa likupweteka, pita pamthunzi!" Nkhaniyi ndinakaifotokoza kunyumba, ndipo amayi ako anaseka mpaka misozi, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chichokereni Tomasi.

Iwe tenesi unaiyamba wekha. Unkamenyetsa mipira yotha ubweya pakhoma la sitolo ya kalabu ndi thabwa, mpaka Medemu anakuona n'kukupatsa raketi yake yakale. Lolemba kalabu inkakhala yotseka, ndiye ankabwera kudzakuphunzitsa. Amayi ako ankati manja a mtsikana ndi a khasu ndi mtondo, koma kadiresi kako kosewerera ankachapa okha, osalola munthu wina kukakhudza. Lolemba lina Medemu anati ndikuloze mfuti. Unaseva opanda nsapato, ndipo pabolodi panayaka manambala atatu. Azimayi ambiri a kukalabu ankathera pa manambala awiri, osafika pa handiredi. Unayang'ana bolodi, unayang'ana ine, kenako unabisa nkhope m'manja. Makinawo sankadziwa kuti uyu ndi mwana wa wokoka rola. Ndinawakonda chifukwa cha chimenecho.

Mwezi wa Okutobala: kubwera kwa Kochi

Medemu anaitana mphunzitsi wa tenesi wa ku Harare, munthu wakuda ngati ife, wolankhula Chishona, amene tinkangomutchula kuti Kochi. Ankafunafuna ana oti akaphunzire pasukulu ina yogonera komweko mumzinda, akusewerera sukuluyo, makolo osalipira kanthu. Atafika koyamba anakuona ukusewera, kenako anandiitanira pambali. "Mudhara," anatero, kutanthauza kuti mdala, "mapazi ndi diso la mwana wanu ndaziona ndekha. Koma akuluakulu a sukulu amakhulupirira manambala. Ndibweranso Lolemba. Akafikitsa manambala atatu mobwerezabwereza, ine ndikuona, ndimutenga chaka chikamayamba." Unali mu giredi yomaliza pasukulu ya papulazi, ndipo sekondale kufupi kunalibe. Ukapanda kupita, chokudikira chinali shedi ija inandiwononga chifuwa.

Lamlungu masana, titabwera kutchalitchi, ine ndi amayi ako tinapita kudimba lathu kumunsi kwa damu kukathirira tomato. Tinathirira mizere ingapo. Kenako, osandiyang'ana, anati, "Baba Tomasi, mawa kudzatentha."

"Ndi Okutobala uno, kutentha ndi kwake," ndinatero.

"Munthu wamkulu ngati inu, wachifuwa, ndani angakudzudzuleni mukaima pamthunzi?"

Ndinatsitsa chidebe pansi. Ndinadziwa chimene akupempha. Tsikulo Medemu sakanakhalapo, ankaperekeza mwamuna wake kuchipatala kutauni, ndipo Kochi akanakhala akulandira mipira atandifulatira. Palibe akanaona pamene ndaima.

"Mai Tomasi, mukudziwa chimene mukunena?"

"Ndikudziwa. Ndinabereka anayi, m'nyumba mwatsala mmodzi. Msewu uja unatenga wina, ndiye ndiupatsenso uyu ndi manja anga? Handidi. Sindikufuna. Sindikuti mumupweteke mwana ayi. Mungoima pamthunzi, manambala akhale awiri, munthuyo akwere galimoto yake azipita. Mwana adzalira, adzaiwala."

"Nanga akadzadziwa?"

"Adzadziwa ali moyo, ali pafupi nane."

Sanali kunena zamisala. Inenso ndinkaopa msewu umenewo, ndipo ndikaganiza za nyumba yopanda phokoso lako, mtima unkandiwawa ngati wabayidwa. M'zaka zonse za ukwati wathu mayi ameneyu anali asanandipemphepo chinthu chachikulu, ngakhale nsalu yatsopano ankadikira ndiganize ndekha. Tsopano anapempha, ndipo chinali chinthu chochepa kuchichita, kungosendera pamthunzi basi. Tinamaliza kuthirira, anasenza chidebe chawo, ine ndinatsatira pambuyo.

Lolemba ndinalawirira kubwalo. Ndinathirira, ndinakoka rola, ndinalemba mizere mosamala ngati kukubwera bishopu. Ndinalumikiza batire n'kuyesa bolodi. Amayi ako anatsala kunyumba, anati mutu ukuwapweteka. Pabwalo limenelo anali asanapondepo phazi chiyambire, ankati ndi malo a azungu ndi anthu osowa zochita. Kochi anafika dzuwa litakwera. Ophika ndi osesa a kukalabu anabwera kudzaima kumpanda. Iwe unali utavala nsapato zoyera zimene Medemu anakusiyira, zokukulira, utaikamo nsanza kuzala. Unayamba kumenyerana ndi Kochi pang'onopang'ono kuti thupi litenthe, ine nditaima pa bawuti yanga, mfuti ili m'manja, dzuwa likundiwotcha padazi. Mthunzi wa mkuyu unali apo, wakuda bii, woitana.

Ndinakuyang'ana uko kutsidya kwa ukonde. Unkapukutira manja padiresi, ndipo unkangondicheukira, monga unkachitira uli wamng'ono tikamawoloka msewu. Mwana ameneyo ankadziwa kuti kaya wina aliyense amunamize, bambo ake amuloza molunjika. Pamenepo ndinaponda bawuti ndi chidendene n'kunena mumtima kuti pano sindichoka, ngakhale mkazi wanga asadzandilankhulenso. Sindinamve kulimba mtima kulikonse. Ndinamva chisoni chokhachokha.

Kochi atangoti tiyambe, ndinaona munthu akubwera ndi kanjira ka kukomboni, atasenza ndowa, mkeka uli m'khwapa. Anali amayi ako. Analowa pachipata osapempha munthu, anadutsa m'mbali mwa mpanda, n'kukafika pamkuyu paja. Ndinati abwera kudzaonetsetsa kuti ndawamvera. Anavundikira ndowa n'kukhalapo, anayala mkeka, anatambasula chitenje, anaika botolo la madzi uku, nsapato zawo uko, mpaka mthunzi wonse unadzaza katundu ngati pamsika. Maso athu anakumana. Ndinapukusa mutu pang'ono, kuwauza kuti sindibwera.

"Akuitanani ndani?" anatero mokweza, anthu onse akumva. "Mthunzi uno ndi wanga, wadzaza. Inu khalani padzuwa pomwepo. Lozani mwana bwino."

Ophika aja anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za anthu okalamba m'banja. Ine mfuti ndinaigwira ndi manja onse awiri. Unaponya mpira m'mwamba, unamenya, ndinakoka kachitsulo. Sindinayang'ane bolodi, ndinayang'ana amayi ako. Manambalawo sankatha kuwawerenga, koma ankadziwa kuti awiri ndi awiri, atatu ndi atatu. Ndinaona akuwerengetsa ndi zala pabondo. Chala choyamba, chachiwiri, chachitatu. Unasevanso, zala zitatu. Mpira wina unagunda ukonde, wina unatuluka kunja, koma ambiri analowa, ndipo zala zinali zitatu zokhazokha. Kochi anakweza raketi yake m'mwamba n'kunena kuti, "Zvakwana. Zakwana, mudhara."

Amayi ako anaimirira. Anandifunsa chapatali, mawu ali pansi, "Ndiye kuti wapita?"

"Wapita," ndinatero.

Anaika dzanja pakamwa n'kuimba nthungululu yaitali, imene sinamvekepo pakalabu ya alimi chiimangireni, misozi ikutsikira m'khosi. Iwe unathamanga n'kudzawakumbatira, ukuseka, nsapato imodzi itavuka.

Pobwerera kunyumba unali patsogolo ndi anzako, ife pambuyo. Ndinawafunsa kuti, "Nanga mutu uja?" Anati, "Ndinakhala pakhomo n'kumaganiza kuti mwamuna wangayu mtima wake ndi wofewa ngati papaya. Ndikakhala kuno, akandimvera." Ndinawauza kuti ndinali nditatsimikiza kale kusachoka pa bawuti. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Heya, mwina." Mpaka kumwalira kwawo sanavomere kuti ndikanapirira ndekha, ndipo ine ndinasiya kutsutsa.

Kuchokera mu 2000 kufika lero

Unapita chaka chitayamba. Amayi ako anakukazingira mtedza monga anachitira ndi Tomasi, koma pamphambano sanafike, anatsazikira pakhomo. Pasanapite nthawi yaitali mapulazi anayamba kugawidwa. Mandevu ndi Medemu anachoka, kalabu inatsekedwa, mfuti ndi bolodi sindikudziwa kumene zinathera. Ife a kukomboni, amene kwathu kunali kutali ndipo minda sitinalandire, tinayamba maricho, ganyu wa m'minda ya alimi atsopano, lero kupalira kwa uyu, mawa kuthyola fodya kwa uyo. Zinali zaka zowawa, ndipo atsikana a msinkhu wako ambiri anakwatiwa ali ana. Nthawi zina ndili chiweramire mumzere wa fodya ndinkaganiza za mthunzi uja, thupi n'kuchita tsemwe.

Sunakhale katswiri wotchuka wa pa wailesi, ndipo palibe anakupempha zimenezo. Unamaliza sukulu, lero ukuphunzitsa ana a anthu tenesi mumzinda. Chachikulu n'chakuti unkabwera. Tchuthi chilichonse basi inkaima pamphambano, amayi ako n'kuimirira dzanja lili pamphumi, ndipo munthu ankatsikadi. Unandiuza kuti masiku ano makina oyeza liwiro ndi aang'ono, amaima okha pamiyendo itatu, safuna mdala woima padzuwa. Ndinasangalala, koma ndinafunsa ngati mumawaika molunjika, ndipo unandiseka.

Chaka chatha ndinapita kukaona malo aja. Pabwalo pali nazale ya fodya ya mlimi wina, amene anandilandira bwino n'kundiuza kuti dothi la pamenepo ndi louma mutu, khasu limadumpha. Ndinati ndikudziwa, ndinaliumitsa ndine. Bawuti sindinaipeze. Mkuyu ulipo, ndipo ndinakhala pansi pake kanthawi.

Amayi ako akudwala matenda awo omaliza, iwe utatuluka kukatunga madzi, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mudzamuuze zimene ndinakupemphani kudimba. Ine ndikuchita manyazi. Koma asadzaganize kuti ndinamupereka mosavuta." Ndakuuza tsopano, Rozina. Kwa zaka zonsezi wakhala ukufotokozera ana ako kuti tsiku lija agogo awo anabwera ndi mkeka kudzakuchemerera. Anakuchemereradi, unamva wekha. Koma chimene chinawadzutsa pakhomo, mutu ukuwapweteka, chinali kudzanditsekera mthunzi, kuti iwe upite.